Mapiko a Ngumbi Pakhosi pa Diresi

Sindikumbuka chaka chimene ndinachoka kwathu. Chimene ndimakumbuka ndi m'mawa umene zonse zinayambira. Mvula yoyamba inali itagwa dzulo lake, ndipo pakhonde panali mapiko a ngumbi ali mbwee, eni ake atawavula n'kulowa pansi. Ndinali nditalemba mayeso a Folomu 4, ndilibe chochita, ndikukhala ndi achemwali anga, a Edesi, amene anandilera mayi athu atamwalira. Ndinali mtsikana wosalankhula. Zimene anzanga ankanena ndi pakamwa, ine ndinkazijambula kumapeto kwa makope.

Ndinatola phiko limodzi, ndinaliika pa kope, n'kuyamba kutsatira timitsempha take ndi pensulo. Ndinajambula lachiwiri, lachitatu, mpaka anakwana asanu ndi awiri, atazungulira ngati mkanda. Achemwali anaima kumbuyo kwanga nthawi yaitali, tsache lili m'manja. Masiku amenewo n'kuti mwamuna wina wokhoma zidebe atawafunsira, za chinkhoswe zitayamba kukambidwa. Diresi la tsikulo linali litasokedwa kale, lobiriwira moderako, lopanda kanthu kalikonse pakhosi.

"Zimenezi undiikire pakhosi pa diresi langa," anatero. "Chibadwire ndakhala ndikuvala zosiya ena. Tsiku limodzi lokhalo ndivaleko chinthu choti munthu wina sanavalepo."

Ndinalonjeza kuti palibe adzaone mapikowo asanafike pakhosi pawo. Kwathu kunalibe makina opeta, aja olemba maluwa pansalu ndi ulusi, ndipo ine ngakhale singano ya makina ndinali ndisanaigwirepo. Ndinati ndipita ndikaphunzire, ndibwera chimanga chisanaume. Phiko lija ndinalitsekera pakati pa kope. Achemwali anandiperekeza mpaka pa golosale ya pamphambano, pamene pamaima malole, ndipo ndinakwera.

Malo oyamba anali msika wa m'mbali mwa msewu, kumene madalaivala ankatsika kuti adye. Pakhonde pa sitolo ina panali mayi wonenepa wa magalasi omanga ndi ulusi, akupalasa makina ndi miyendo, manja akuyendetsa nsalu yokungidwa mu mkombero wathabwa. Duwa linkamera pansi pa singano ine ndikuona. Ndinaima pamenepo masiku awiri osanena kanthu. Tsiku lachitatu mayiwo, amene anthu ankawatchula kuti Mayi Nangondo, anandiuza kuti ngati ndabwera kudzawatchingira dzuwa ndiime mbali inayo, koma ngati ndabwera kudzaphunzira ndikhale pansi. Anandifunsa dzina. Ndinachedwa kuyankha, monga mwa chizolowezi changa, ndipo iwo sanadikire. Anandipatsa dzina loti Nachete. Msika wonse unanditchula choncho, ndipo ndinaona kuti kukhala wopanda dzina n'kopepuka.

Anandiphunzitsa kubaya pepala ndi singano motsatira mizere ya chojambula, kuliyala pansalu, n'kupakapo choko chosinja kuti timadontho titsale. Anandiphunzitsa kukunga nsalu mu mkombero mpaka izilira ngati ng'oma ukaigogoda ndi chala. Koma chachikulu chinali chakuti nsalu imakoka. Ulusi ukachuluka malo amodzi, nsalu imadzikokera mkati, ndiye ukajambula mwezi wathunthu makina amakupatsa dzira. Wofuna chozungulira ajambule chonenepa m'mbali. Ankati wopeta amayamba wanama papepala kuti choona chituluke pansalu, ndipo akatero ankaseka mpaka magalasi kutsetsereka.

Masana ankapita kukadya kwa mnzawo wogulitsa nyemba, n'kundisiya ndi makina. Nthawi yanga inali imeneyo. Ndinkatulutsa kope m'kachikwama, n'kuyesa mapiko pa tinsalu totsala. Oyamba anatuluka ngati masamba ofota. Ena anatuluka ngati usipa wouma. Chimanga chinauma, anthu anakolola, mapiko asanakhale mapiko. Manyazi anandigwira, moti kalata sindikanatha kulemba. Ndinkangotenga kansalu kamene katulukako bwino, kukaika mu envelopu, kulemba dzina la achemwali, n'kupatsa dalaivala wodutsa pamphambano pathu kuti akasiye pa golosale. Ndinkafuna kansaluko kanene kokha kuti ndili pantchito, adikire pang'ono.

Tsiku lina la msika ndinaona mayi akusankha matimati, ndipo pakhosi pa bulauzi yake panali mapiko. Ndinawerenga. Asanu ndi awiri. Anali opindika chimodzimodzi mmene anga ankapindikira mwezi wapitawo. Ndinamutsatira pakati pa anthu mpaka pamene anakwera njinga ya kabaza, ndipo ndinaima ndikuyang'ana msana wake ukuchepa m'fumbi.

Nditabwerera pakhonde, Mayi Nangondo anali akudula ulusi ndi mano, akuimba. Ndinayamba kukumbukira zinthu. Ndinakumbukira kuti tsiku lina anandifunsa chimene ndimatsala ndikusoka masana. Ndinakumbukira kuti tsiku lina popita kosamba kachikwama ndinakasiya pansi pa mphasa, ndipo nditabwera kankaoneka ngati kasuntha. Tsiku limenelo anandigawira mtedza wokazinga wambiri kuposa masiku onse, ndipo ndinati mumtima, munthu wolakwa amatero. Ndinawafunsa ngati anatsegulapo kope langa.

"Kope lako ndilitani ine, Nachete? Ndi maso omwewa, okanika kulowetsa ulusi pasingano?"

Anayankha msanga kwambiri. Munthu wosalakwa akanayamba wadabwa. M'mawa mwake ndinakwera lole osatsazika.

Kenaka panadutsa midzi ndi timatauni tofanana, moti lero sindingathe kutisiyanitsa. Kulikonse kunali chigayo, mtengo wa mango, ndi telala pakhonde. Kwina ndinapeta mabaji a sukulu, buku ndi nyali, buku ndi nyali, mpaka ndinkaziona pamphumi pa anthu. Kwina ndinapeta mitanda pa nsalu za paguwa. Kwina ndinakhala ndi bambo wina amene ntchito yake yaikulu inali kumasula zimene ena apeta molakwika. Ankakhala tsiku lonse ndi lezala, kudula timisoko kumbuyo kwa nsalu, n'kumazula ulusi umodziumodzi. Akamaliza ankakweza nsaluyo kudzuwa kuti ndione. Ulusi unkachoka wonse, koma mabowo a singano ankatsala, ndipo duwa lochotsedwalo linkawerengekabe. Kumeneko sindinakhalitse. Kulikonse sindinkakhalitsa. Ndikaona munthu akuyang'anitsitsa kachikwama kanga, ndinkayamba kufunsa za malole. Pena pake m'maulendo amenewa ndinatsegula kope n'kupeza kuti phiko lija lasanduka fumbi, latsala kamtsempha kamodzi. Kuyambira pamenepo ndinkajambula kuchokera pa zojambula zanga zomwe.

Malo achiwiri amene ndinakhalitsa anali tauni ya kumalire, kumene munthu amayamba chiganizo m'chilankhulo china n'kuchimaliza m'china. Kumeneko kunali Che Ajusa, bambo wachikulire wowonda, wopeta mikanjo ndi zisoti za kumzikiti pa makina a magetsi. Anandiika m'kachipinda ka kuseri, ndipo ine ndinawapempha chinthu chimodzi, kuti aliyense wofunsa za ine azimuuza kuti kulibe. Anandiyang'ana, koma sanafunse chifukwa. Atafunsa dzina ndinangoyang'ana pansi, ndipo anayamba kunditchula Abiti Ndani, kutanthauza mwana wamkazi wa ndani.

Che Ajusa akalandira chovala chilichonse ankayamba achitembenuza. Ankati kumaso nsalu imanama, koma kumbuyo kumanena za amene anasoka, pamene anayambira, pamene anathamanga, pamene anatopa. Kwa iwo ndinaphunzira maziko, timisoko topyapyala toyamba kuyalidwa pansi, timene timakwiriridwa ndi ulusi wokongola wa pamwamba, palibenso wotiona. Popanda maziko duwa limamira munsalu. Ndinamvetsa chifukwa chake mapiko anga ankafota.

Tsiku lina magetsi atathima, anandipatsa chisoti chimene anapeta n'kundiuza kuti ndifufuze cholakwa. Ndinafufuza mpaka ndinachipeza. Pa duwa lina panali tsamba limodzi limene ulusi wake unkayenda mopingasa ndi anzake. Anati amachita dala pa ntchito yawo iliyonse, ndipo amasinthasintha malo.

"Wakuba amaba ndi cholakwa chomwe, mwanangu, chifukwa sadziwa kuti n'cholakwa. Ukachiona pamutu pa munthu, umadziwa khomo limene chinatulukira."

Lachisanu masana ankatseka chitseko cha kumaso n'kupita kumzikiti. Nthawi yanga inali imeneyo. Ndinayala maziko. Ndinasintha ulusi n'kutenga wotuwa ngati phulusa. Ndinaphunzira kugawa mtsempha umodzi kukhala iwiri pafupi ndi nsonga. Mapiko anayamba kugona pansalu mofatsa, ndipo maenvelopu anayambanso kuyenda, opanda kalata. Mvula inagwa, inasiya, inagwanso.

Tsiku lina Che Ajusa anasuzumira kuseri n'kundiuza kuti kunabwera mayi wina akufunsa za mtsikana wopeta, ndipo amuuza kuti kulibe, monga ndinawapempha. Anati mayiyo anafuna kuwaonetsa kanthu ka m'chikwama, koma iwo anakana kuona, poopa kuti nkhope yawo ingaulule bodza. Ndinafunsa maonekedwe ake. Anati mayi ngati amayi onse, chitenje, fumbi kumapazi. Ndinati ameneyo watumidwa ndi Mayi Nangondo.

Sipanapite nthawi, ndinaona mtsikana akuyenda kulowera pa mlatho wa kumalire, dengu pamutu, mapiko pakhosi. Asanu ndi awiri, otuwa ngati phulusa, mitsempha yogawika pafupi ndi nsonga. Zimenezi ku msika kuja ndinali ndisanazidziwe. Zinabadwira m'kachipinda ka kuseri, Lachisanu masana. Ndinamutsatira mpaka pamene a pachipata anandifunsa chiphaso, ndipo ndinaima ndikuyang'ana msana wake ukuchepa kutsidya.

Ndinayambanso kukumbukira. Akazi awo a Che Ajusa ndi amene ankasesa tinsalu tapansi. Lachisanu lina Che Ajusa anabwerera panjira, akuti anaiwala magalasi. Ndipo munthu amadziwa bwanji zambiri chotero za akuba? Nkhani ya mayi wofunsa uja ndinaiona tsopano kuti anandiuza dala, kuti maso anga aziyang'ana kunja. Nthawi ino sindinafunse n'komwe. Anandipatsa tiyi, ndinamwa, ndinathokoza. Lachisanu atapita kumzikiti ndinakhoma chitseko n'kuika kiyi pansi pa mwala.

Malo omaliza anali mzinda. Misewu yake inkabwerera pamene yayambira, ndipo masiku oyamba ndinkangopezeka pa depoti yomweyomweyo. Ndinapeza ntchito kwa Madamu Kaliwo, amene ankasoka zovala za akwati ndi za zionetsero za mafashoni. M'nyumba mwawo munali makina aakulu a singano zambiri, opeta okha, munthu atangoima manja kumbuyo. Koma makinawo sankadziwa kanthu paokha. Zonse ankauzidwa ndi kompyuta, ndipo kompyuta inkauzidwa ndi munthu. Madamu ataona kuti ndinapitako kusukulu ndiponso nsalu ndimaidziwa, anandikhazika pampando umenewo. Ankanditchula Sisi, monga ankatchulira aliyense.

Ntchito yake inali yotere. Chojambula chimaikidwa pakompyuta, ndipo iwe umaika timadontho m'mbali mwake, kuuza singano polowa, kolowera, kuthithikana kwa ulusi, podumpha ndi podula. Zonse zimene ndinaphunzira m'njira zinali momwemo, kunenepetsa m'mbali, kuyala maziko, kungoti tsopano ndinkazilemba singano isanagwire nsalu. Madamu ankati dizaini yabwino ndi ulendo woganiziridwa usanayambe. Singano isamadumphedumphe, ikamaliza tsamba ili izipezeka ili kale pakhomo pa tsamba linalo. Akatembenuza ntchito ya munthu n'kupeza ulusi ukulendewera, ankangoti, "Sisi, singano yako yasochera."

Masana anthu onse ankatuluka kukagula chakudya. Nthawi yanga inali imeneyo. Mapiko ndinawasamutsa m'kope n'kuwaika mu fulashi, kachipangizo kosungira za pakompyuta, kamene ndinakamangirira chingwe n'kumavala m'khosi. Anali olongosoka tsopano, koma panali chinachake chosowa, ndipo sindinkachidziwa. M'mawa wina, mvula yoyamba itagwa, ndinapeza mapiko a ngumbi ataunjikana pansi pa polo ya magetsi pakhomo pa shopu. Ndinatola limodzi n'kuliika padzanja. Ndinaona mizere ya chikhato changa kudzera m'phikolo. Zaka zonsezo ndinkalidzaza ndi ulusi ngati duwa. Ndinachepetsa ulusi, ndinachepetsanso, mpaka nsalu inayamba kuonekera pakati pa misoko. Makina ataima ndinatulutsa mkombero, ndinapumira pansalu mwangozi, ndipo ndinachita mantha kuti mapiko auluka.

Madamu sanawaone, koma anali munthu wa maso. Anandiuza kuti akudziwa kuti ndili ndi kanthu kanga, ndipo ndikafuna adzakaika pa madiresi a chionetsero, dzina langa litalembedwa pambali. Anati ndingowauza dzinalo. Ndinamwetulira, n'kugwira fulashi kudzera m'malaya. Ndinadziwa kuti zondibera zayandikiranso.

Ndiye ndinatchera msampha wa Che Ajusa. Dizaini ija ndinaipanga patatu. Yoyamba ndinathyola mtsempha wa phiko lachitatu, n'kuisiya pakompyuta ngati ndaiwala. Yachiwiri ndinathyola wa phiko lachisanu, ndinaipeta pakansalu n'kukataya m'dengu la zotsala, mmene osoka onse ankapisamo manja. Yachitatu inali yotumiza kwathu. Imeneyo inayenera kukhala yangwiro. Ndinakhala nthawi yaitali ndikuiyang'ana, kenaka dzanja langa linapita pa phiko lachisanu ndi chiwiri n'kuthyola mtsempha. Ndinadziuza kuti ndikungofuna kuti pasatsale khomo losatchera. Envelopu ndinaipereka kwa kondakitala wa basi pa depoti.

Ndinadikira. Tsiku lililonse ndinkayang'ana makosi a anthu, osati nkhope. Munthu akandipatsa moni ndinkayankha khosi lake.

Zinachitika mu minibasi, m'mawa, popita kuntchito. Mayi wina anakhala moyang'anizana nane, mawondo athu akugundana. Mapiko anali pomwepo, oonekera, opepuka, opetedwa ndi munthu wodziwa. Ndinawerenga kuchokera kumanzere. Phiko lachitatu linali lathunthu. Phiko lachisanu linali lathunthu. Minibasi inagwa m'dzenje, nsalu inasuntha, ndipo ndinaona mtsempha wothyoka pa lachisanu ndi chiwiri.

Kwa nthawi yoyamba ndinalankhula ndi mlendo asanandiyambe. Ndinamufunsa kumene anasoketsa, ndipo anandilozera telala wa kuseri kwa depoti. Telalayo anandionetsa chithunzi pafoni yake. Kanali kansalu kanga, katagwiridwa ndi dzanja limene chala chake chamkombaphala chinali ndi chipsera cha mpeni. Chipsera chimenecho ndinkachidziwa kuyambira ndili mwana. Anati mayi wina wakumudzi anabwera nako, anazungulira matelala onse a mzere umenewo, ndipo anamulola kujambula. Anayamba kunena zina, koma ine ndinali nditatuluka kale.

Kwa Madamu ndinachokanso osatsazika, ngakhale tsopano ndinkadziwa kuti sanandibere. Njira yobwerera inadutsa malo omwe aja. Pa tauni ya kumalire, nyumba ya Che Ajusa inali itasanduka potchajira mafoni, ndipo anthu anandiuza kuti maso awo anasiya kuona, ana awo anadzawatenga kupita nawo kutsidya. Ndinayang'ana pansi pa mwala uja. Panali nyerere zokha. Pa msika wa m'mbali mwa msewu, Mayi Nangondo anali pakhonde pomwe paja, imvi zitachuluka, magalasi omanga ndi waya. Anandiyang'ana n'kufunsa ngati ndili ndi chosoketsa. Ndinapukusa mutu n'kudutsa. Anthu awiriwa ndinali nditawalakwira, koma mlandu wake ndinausenzetsanso achemwali. Njira yonse ndinkakonza mawu. Ndinkati anatopa kudikira, n'kuyamba kumwaza ntchito yanga kuti andilange. Ndinkati mwina mwamuna wawo ndi amene anawapangira nzeru. Ndinkati munthu amene anakulera ndiye amadziwa bwino pamene pamakupweteka.

Ndinatsika pamphambano dzuwa likupendeka. Kuseri kwa nyumba kunkamveka nyundo ikukhoma chidebe, ndipo pabwalo pankasewera ana awiri amene sindinkawadziwa. Achemwali anali pakhonde akusankha nyemba, atawonda. Anandiitana dzina langa. Ndinachedwa kuvomera, chifukwa linamveka ngati la munthu wina. Anandigwira nkhope, mapewa, manja, ngati munthu woyesa nsalu. Anafuna kuthamangira madzi akumwa, koma ine ndinali ndi mawu amene ndinakonza, ndipo ndinaopa kuti ndikamwa madzi asungunuka.

"Achemwali, mapiko aja munawaonetsa anthu."

"Eya."

"Ndinawapeza pamsika, kumalire, mumzinda. Ine ndinalonjeza kuti palibe adzawaone. Inu ndi amene munkawamwaza."

Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi sutikesi yakale ya mayi athu. Munali maenvelopu onse ndi tinsalu tonse, kuyambira ta masamba ofota tija. Tinsaluto tinali titada ndi manja, m'mbali mwake ulusi utayoyoka. Anatiyala pamphasa kamodzikamodzi.

"Ndikanafunsa za iwe ndi chiyani?" anatero. "Chithunzi chako ndilibe. Dzina lako kulikonse ankati sakulidziwa. Ndinali ndi tinsalu tokhati."

Anandiuza kuti envelopu ikafika ankadikira pa golosale mpaka wobweretsayo adutsenso, n'kumufunsa kumene anaitenga. Akatero ankanyamuka. Ankayenda telala ndi telala, kuonetsa kansalu, kufunsa za mtsikana wosalankhula. Ena ankati akasiye masiku awiri kuti afunse anzawo, ena ankangokayang'anitsitsa. Onse ankati n'kokongola, koma mwini wake sakumudziwa. Pa msika uja, pamene wina anawalozera kwa mayi wa magalasi pa ulendo wachiwiri, anamva kuti Nachete anachoka osatsazika. Kumalire anafika pakhomo penipeni, bambo wina wachikulire n'kuwabweza mwaulemu. Ine ndinali kuseri kwa khoma lomwelo.

Ndinafunsa za chinkhoswe. Anati anadikira kukolola kumodzi, kuwiri, kenaka ankhoswe anakana kudikiranso. Diresi lobiriwira sanafune kulivala lopanda mapiko, choncho anabwereka la mnzawo wa kutchalitchi. Ananena zimenezi akuseka pang'ono, akusalaza kansalu ndi chala chachipsera chija. Diresilo linali pansi penipeni pa sutikesi, lopindidwa mmene ndinalisiyira.

Kenaka anatola kansalu komaliza n'kuloza phiko lachisanu ndi chiwiri.

"Apa pokha ndi pamene ndinachita mantha. Zaka zonsezi ntchito yako inkangokwera, ndiye lero mtsempha wothyoka? Ndinati mwana uyu wadwala. Wakhanda ndinamusiya kwa apongozi n'kunyamuka tsiku lomwelo. Unadwala?"

Nyundo inali itasiya kulira. Ndikanavomera, nkhani ikanathera pomwepo. Koma ndinali nditatembenuza nsalu za anthu zaka zambiri, yanga isanatembenuzidwepo.

"Sindinadwale. Ndinathyola dala. Unali msampha, kuti ndidziwe wondibera. Ndinakutcherani inunso."

Achemwali anayang'ana kansaluko nthawi yaitali. Anakatembenuza n'kuona kumbuyo, ngati kumeneko kungakhale mawu ena. Mmodzi mwa ana aja anabwera kudzatsamira mwendo wawo, akundiyang'ana.

"Ndiye wandigwira," anatero.

Ndinati ndijambula china chatsopano, choti munthu sanachionepo, ndipo nthawi ino sindichedwa. Anakana. Anati akufuna mapiko omwewo, awayendera mokwanira. Ndinati dziko lonse lawavala kale. Anati avale, iwowo mwini wake sakumudziwa. Anangopempha kuti lachisanu ndi chiwiri ndilikonze.

Makina apafupi anali a Mayi Nangondo, opalasa ndi miyendo, osadziwa za fulashi. Ndinaivula m'khosi n'kuipachika pa msomali, kenaka ndinafunsa ana aja ngati ali ndi pepala ndi pensulo. Ndinati mawa ndinyamuka ndi diresi, ndibwera Loweruka.

"Ayi," anatero achemwali, akutseka sutikesi. "Wekha sindikutumanso."

M'mawa mwake tinaima awiri pa golosale ya pamphambano, diresi lili m'chikwama chawo, osati changa. Lole itaima tinakwera kumbuyo, pamatumba a mtedza. Njira yonse, injini ikubisa mawu anga, ndinkayeserera kutchula dzina langa mokweza, kuti Mayi Nangondo akafunsa ndisachedwenso kuyankha.